Ndinatsutsa Ankhoswe Anga Pamaso pa Anthu

Abale anga, zikomo pondipatsa mpata. Tiyi wanuyo pitirizani kumwa, asazizire chifukwa cha ine, nkhaniyi ndi yaitali pang'ono.

Dzina langa ndine Yamikani, mwana wa mayi Kamanga. Ambiri a inu kuno ku South Bend munkanditcha "mwana wathu wa besibo." Ndine yemweyo. Ndinenso yemwe uja ena a inu munamuona atatsamira khoma kuseri kwa sitolo ya mowa dzuwa lili pamutu, n'kutembenuzira nkhope kumbali kuti ndisachite manyazi. Ulemu umenewo ndinauona, ndipo ndikuthokoza, koma kunena zoona sunandithandize chilichonse.

Munthu akamva kuti ndinkasewera mpira wolipidwa amaganiza kuti chomwe chimandiwawa ndi mpirawo. Unandiwawa, inde, koma chomwe ndaimirira pano ndi banja langa. Ndili ndi mkazi, dzina lake Tadala, ndi mwana mmodzi wamkazi, Takondwa. Onse awiri sakhala ndi ine. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinawatayira, komanso za tsiku lomwe ndikanawatenganso mwachinyengo.

Ndinabwera kuno ndili mwana wa pulayimale, kuchokera ku Chinamwali ku Zomba. Mayi anali atapeza ntchito yosamalira okalamba, ankagwira mashifiti awiriawiri. Dzanja langali silinaphunzire kuponya ku America ayi. Linaphunzira kugenda mango a eni ake. Kwathu kuja mwana wodziwa kugenda amangotchedwa wakuba. Kuno mphunzitsi wa masewera anandiona ndikulasa chikwangwani cha pamsewu ndi mibulu ya sinowo, chipale chofewa chija, anati, "Iwe, mawa ubwere kubwalo."

Kwa amene simuwadziwa masewerawa, ali chonchi. Pakati pa bwalo pali kachulu. Woponya amaima pamenepo n'kuponya kampira kolimba ngati mwala kwa mnzake wowakha, amene wanyonyomala kutsogoloko. Pafupi ndi wowakhayo pamaima mdani ndi chibonga, kufuna kukamenya kampirako. Ntchito ya woponya ndi yoti wachibongayo amenye mphepo. Ndi zomwezo basi, zinazo n'zokometsera.

Ine mphepo ndinkawamenyetsa, ndipo zinkandikoma. M'kalasi ndinali kamwana kakuda kolankhula Chingerezi chachilendo, koma ndikaima pa kachulu paja bwalo lonse linkadikira ine. Mpira sungayambe woponya asanafune. Nditamaliza sekondale anabwera akuluakulu a timu ina, yomwe sindiitchula, ndinasaina. Mayi analira, mpingo unachita phwando m'chipinda chapansi chomwe chino. Kwa anthu zinali ngati ndafika kale pa TV. Sankadziwa kuti ligi yaikuluyo ili pamwamba pa makwerero, ndipo ine ndinali pa sitepe yoyamba. Pansipo moyo wake ndi wa m'basi. Mumasewera mtauni ina madzulo, kukwera basi, kudzuka muli dera lina khosi litauma, chakudya chake buledi wopaka chiponde. Anyamata anayi chipinda chimodzi. Ndipo aliyense amene ukugona naye akudikira kuti dzanja lako livute kuti akwere iye. Sindikuwanena, nanenso ndinkadikira awo.

Tadala ndinamudziwa kumpingo konkuno, akuphunzira unamwino. Tinakwatirana m'nyengo yozizira, mpira utatsekera. Mukudziwa kuti kuno amalume athu ali kutali, ndiye timabwereka. Kwa ine anaimira a Mbewe, omwe amayendetsa basi ya mtauni, mkulu wa mpingo amene anandiona ndikukula. Kwa Tadala anaimira mayi Nkhoma a ku Indianapolis. Amenewa ndiwo ankhoswe athu. Chaka chotsatira anabadwa Takondwa, ine ndili m'basi kwinakwake, ndinamuonera pa foni.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ndi pomwe panayambira. Ine ndinaleredwa ngati mmene munaleredwera ambiri a inu. Wamkulu akamalankhula, maso pansi. Akakufunsa ngati watopa, sunatope. Akakufunsa ngati wakhuta, wakhuta, ngakhale m'mimba mukulira. Akanena cholakwika pagulu, sumukonza. Ndi mwambo wabwino, sindikuunyoza, ndi umene umachititsa kuti nyumba ikhale nyumba. Koma m'masewera aja muli kachitidwe kena. Kochi akaona kuti woponya wafooka, amayenda kubwera pa kachulu n'kukufunsa za dzanja. Ukanena kuti likupweteka amatambasula chikhatho, iwe umamupatsa mpira n'kutuluka. Funso limenelo si moni. Amafuna yankho lenileni, chifukwa mtsempha wa m'chigongono ukuumva ndiwe wekha. Ine ndinkaliyankha ngati moni.

Zaka zinapita, ndinakwera pang'onopang'ono mpaka sitepe yotsiriza, yoti ukachoka pamenepo ndi pa TV basi. Chaka chimenecho chigongono chinayamba kutentha. Poyamba m'mawa wokha, kenako ndikamapesa tsitsi, kenako ngakhale potsegula chitseko. Dokotala wa timu sindinamuuze. Ndinauza mayi okha pa foni, iwo anati uzithowa ndi madzi otentha, ife tikupempherera. Tadala anandiona ndikunyamula mwana ndi dzanja lamanzere, anati, "Yami, ukawauze anthu. Dzanja silipola ndi kubisa." Ndinamuyankha kuti iwe samala odwala ako, za mpira undisiyire.

Ndiye timu yathu inabwera kudzasewera ku Indianapolis. Uthenga unazungulira. Ena a inu munalipo, musabise nkhope. Munadzaza magalimoto kuchokera kuno, amayi atavala zitenje, mandasi atabisa m'zikwama. Munakhala mbali imodzi ya bwalo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa malamulo. Wachibonga wina atamenya mpira wanga mpaka kutuluka kunja kwa mpanda, chomwe ndi choipitsitsa chomwe chingagwere woponya, amayi athu anaimirira n'kuyamba nthungululu. Ankati Yamikani wachinya! Azungu oyandikana nawo anangoti kukamwa yasa.

Ine pa kachulu paja ndinkafuna kuseka, koma dzanja linali moto. Zala ziwiri zakumapetozi sindinkazimvanso. Wowakha wanga anaona, anakodola kochi. Kochi anabwera, mdala wa imvi wosakonda zolankhulalankhula. Anati, "Tandiyang'ana. Dzanja lili bwanji?" Ine maso pansi. Ndinaganiza za anthu omwe asiya mashifiti awo, ayenda ulendo wonse uja kudzaona mwana wawo. Ndinati lili bwino. Anafunsanso. Ndinati lili bwino, bwana. Anandigwira paphewa n'kubwerera.

Sindinaponye yambiri kuchokera pamenepo. Ndinamva m'chigongono ngati mphira wa legeni waduka. Mpira unagwera pansi usanafike n'komwe kwa wowakha, ndipo nane ndinagwada pomwepo. Ulendo uno nthungululu kunalibe, aliyense anamvetsa.

Anandichita opaleshoni, anachotsa mtsempha pamkono n'kuusokera m'chigongono. Dokotala anati ndikananena msanga mwina ukanapola ndi kupuma kokha. Chaka chathunthu ndi miyezi ndinali kukoka timalamba ta mphira, kunyamula tizitsulo toti ngakhale agogo anganyamule. Ena amabwerera ali amphamvu kuposa kale. Ine mpira wanga unabwerera wofooka, anyamata a zibonga ankaudikira ngati akudikira basi. Tsiku lina akuluakulu a timu anandiitanira mu ofesi, anatseka chitseko, anandiuza mwaulemu kuti akundimasula. Ndinalongedza katundu m'jumbo yakuda ya zinyalala chifukwa chikwama chinali cha timu. Kupatula kuponya, panalibe ntchito ina yomwe ndinkaidziwa.

Zotsatirazi ndizifotokoza mothamanga, chifukwa nazonso zinathamanga. Mapiritsi a ululu omwe anandipatsa pa opaleshoni anali atandikomera. Atatha ndinapeza mowa. Ndinabwerera ku South Bend, aliyense wokumana naye kumpingo: "Ubwerera liti ku mpira?" Ine: "Posachedwapa." Mayi nawo ankauza anzawo kuti mwanayu akungopuma. Ndinasiya kubwera kumpingo. Ndinapeza ntchito yophunzitsa ana kuponya, kholo lina linamva fungo, ntchito inatha. Ndinalowa yonyamula makatoni, ndinagona pa shifiti, inatha. Apolisi anandigwira ndikudraiva nditaledzera, ndinagona m'chitokosi, laisensi anandilanda. Amene anabwera kudzanditenga ndi Tadala, atavala yunifomu ya kuntchito, mwana ali kumbuyo. Magolovesi anga owakhira mpira ndinagulitsa. Mabotolo ndinkabisa m'nsapato za mpira, m'thanki ya chimbudzi, pansi pa mpando wa mwana wa m'galimoto. Tadala ankawapeza onse, n'kuwandandalika patebulo. Ine kudzuka, kuwaona, kukwiya ngati wolakwiridwa ndine.

Lamlungu lina masana anandiuza kuti sandisiyiranso mwana akamapita kuntchito. Ndinali ndi kapu m'manja, kapu yadothi yolemera. Ndinaiponya. Inakaphwanyikira pa felemu ya chitseko, pafupi ndi khutu lake, mpata wake chikhatho chimodzi. Zidutswa zinagwera m'tsitsi mwake. Takondwa anathawira pansi pa tebulo.

Nthawi yomweyo ndinayamba: pepa, sindimafuna kukugenda, ndimangofuna kugenda khoma. Iye sanalire. Anachotsa kachidutswa m'tsitsi, anakayang'ana, anati, "Yami, iwe ndiwe woponya. Moyo wako wonse waphunzira kuika chinthu pomwe ukufuna. Lero wafuna apa. Mawa udzafuna pati?"

M'mawa mwake anatenga mwana n'kupita ku Indianapolis kwa mayi Nkhoma. Sipanatenge nthawi anapeza ntchito pachipatala china kumeneko.

Mukuganiza kuti ndinasiya? Ndinamwa kuposa kale, popeza tsopano ndinali ndi chifukwa. Koma ndinkamufuna. M'nyumba munali zii, mbale zinaunjikana, makalata a magetsi osatsegula. Ndisadzikometsere, sindinkamufuna chifukwa cha chikondi chokha. Ndinkafunanso wondiphikira, wondidzutsa, woti anthu akamuona aziti kwa Yamikani zinthu zili bwino. Ndiye ndinachita zomwe mwamuna wa kwathu amachita, ndinapita kwa ankhoswe. Ndinasamba, ndinameta, ndinavala jekete, ndinakagwada kwa a Mbewe. Ndinati ndasintha, mowa ndasiya, kandibwezereni mkazi wanga. A Mbewe anaimbira mayi Nkhoma, anagwirizana tsiku.

Anadraiva ndi a Mbewe poti ine laisensi ndinalibe. Njira yonse ankandilangiza. "Mwana wanga, uku tikupitaku iwe ulibe pakamwa. Pakamwa pako ndine. Ukakhale phee, maso pansi, manja pamodzi. Akakunena usayankhe. Nkhani zoterezi ndazitha zambiri." Ine: "Chabwino, bambo." M'thumba la jekete ndinali ndi botolo la madzi, koma munali mowa uja woyera, kachasu wa kuno. Titaima ku Kokomo kuthira mafuta ndinalowa kuchimbudzi, ndinamwa theka, ndinatafuna chingamu. Manja anasiya kunjenjemera. Ndinadziyang'ana pagalasi n'kuona munthu wooneka bwino kwabasi.

Mayi Nkhoma amakhala chakufupi ndi Lafayette Road, kuseri kwa masitolo aja timagulako ufa ndi nsomba zouma. Pabalaza anali atakonza, ife mbali iyi, iwo mbali iyo. Patebulo anaimika foni atatsamiritsa ku botolo la maluwa, ndipo m'foni muja munali amalume ake a Tadala ali ku Dedza, nkhope ikuonekera theka. Mwana anali atamutumiza kwa aneba. Tadala analowa pomaliza. Anavala chitenje ndi duku, anakhala pansi pa kapeti atatambasula miyendo, monga mwa mwambo. Anali ataonda.

Anatsegula ndi pemphero. Mayi Nkhoma anafotokoza mlandu, za mowa, za apolisi, za kapu. Kapuyo anaitchula mopepuka, anati "ngozi ija ya kapu." Kenako a Mbewe anaomba m'manja n'kuyamba. Abale, munthu uja amadziwa kulankhula. Anayambira kutali, mmene ndinafikira kuno ndili kamwana, mmene ndinakwezera dzina la Amalawi, mmene dzanja linandigwiritsira mwala. Anati munthu akagwa sitimupondereza, timamudzutsa. Ndipo anafika pamutu wa nkhani. "Ine ndikulankhula pano ngati mkulu wa mpingo. Mwana wathuyu mowa anasiya. Ndamuyang'anira ndekha. Mloleni mkazi wake abwerere kunyumba."

Amalume pa foni anayankha, mawu akudukaduka. "Ngati akuluakulu aona choncho, ife tilibe mawu. Banja ndi kupirira. Tadala, wamva?"

Mayi Nkhoma anagwedeza mutu kuvomereza. "Mwana wanga, tonsefe tinapirira. Kuno n'kutali, mwana akufunika bambo ake. Ukuti bwanji?"

Tadala anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, kamodzi kokha. Anayang'ana maso anga, anayang'ana nsagwada zikutafuna chingamu, anayang'ana manja anga ali phee pamaondo. Iye ndi namwino, ndiponso wagona pambali panga zaka zonsezi. Ankandidziwa kuti ndikakhala wosamwa ndimatekeseka, mwendo umagwedezeka wokha. Ndikakhala bata chonchija ndiye kuti ndathira. Anadziwa kuti ndamwa, ndipo ine ndinaona kuti wadziwa.

Ndinadikira kuti anene. Sananene. Akanayamba bwanji? Kunena kuti ndamwa kunali kunena kuti a Mbewe, mkulu wa mpingo, anama pamaso pa amalume ake. Iyenso analeredwa ngati ine. Anaweramitsanso mutu, anayamba kupotokola nsonga ya chitenje ndi zala, ndipo ndinamumva akuti chapansipansi, "Ndamva, amalume."

Abale, ndinali nditapambana. Chomwe chinatsala n'choti ndikhale chete, ntchito yomwe ndinkaidziwa bwino kuposa kuponya. Akanalongedza tsiku lomwelo. Mayi Nkhoma anali atayamba kale kuyang'ana kukhitchini kuti akatenge chakudya. Mumtima ndinamva kukoma, sindibisa. Koma ndikuyang'ana zala zija zikupotokola chitenje, ndinaona komwe ndikumutengera. Nyumba yomweyo, mabotolo omwewo, chitseko chomwecho chokhala ndi bala la kapu. Ndipo ulendo uno sakanathawanso, chifukwa akanakhala atabwezedwa ndi akuluakulu a mbali zonse ziwiri. Akanathawira kwa ndani? Ndinachita mantha omwe sindinachitepo chibadwire, ndipo amene ndinkamuopa ndi ine ndemwe.

Ndinaomba m'manja pang'onopang'ono, kupempha mpata. A Mbewe anandiponda phazi. Ndinaombanso.

"Pepani akuluakulu," ndinatero. "Bambo Mbewe, mundikhululukire. Zomwe mwanenazi si zoona. Ndinakunamizani ndine. Mowa sindinasiye. Ndamwa lero lomwe, panjira pobwera kuno."

Ndinatulutsa botolo lija m'jekete, ndinaliika patebulo pafupi ndi foni.

Amalume pa foni paja ankafunsa, "Akuti chiyani? Netiweki yavuta, akuti chiyani?" Mayi Nkhoma anatsegula botolo, ananunkhiza, analitseka, anapukuta dzanja pa chitenje. A Mbewe anavula magalasi, anakhala akuwapukuta nthawi yaitali. Munthu wamkulu uja anachepa pampando paja ine ndikuona. Paja amati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu.

Ndinapitiriza, popeza ndinali nditayamba kale. Ndinati, "Asabwerere. Ine pakadali pano sindine munthu woti mkazi ndi mwana azigona naye nyumba imodzi. Kapu ija sinali ngozi."

Apo m'pamene Tadala analira. Osati mokweza. Anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinafuna kuganiza kuti akulira chifukwa chondikonda, koma ayi. Kunali kulira kwa munthu amene wapulumuka.

Chakudya sitinadye. Pobwerera a Mbewe anadraiva mpaka tinatuluka mumzinda. Kenako, maso ali pamsewu, anati, "Ndikakusiye kunyumba kapena kuchipatala?" Ndinati kuchipatala.

Tsopano kwa inu amene mwina muli pomwe ndinali ine, ndikuuzeni zomwe ndinachita, osati chifukwa ndine katswiri. Ngati mwamwa nthawi yaitali, musasiyire nokha kunyumba. Thupi limatha kukomoka, ena amafa nazo. Ine ndinagonekedwa masiku angapo, ndikunjenjemera, thukuta kamukamu, kuona tizilombo tikuyenda pakhoma. Namwino amene ankandisamala anali Mmalawi, mnzake wa Tadala wa kusukulu. Ndinafuna kufa ndi manyazi. Iye anangoti, "Achimwene, wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mwatsegula, basi gonani." Dokotala atandifunsa kuti ndimamwa wochuluka bwanji, lilime linatsala pang'ono kunena kuti pang'ono chabe. Ndinanena zoona, ndi za mapiritsi zomwe.

Nditatuluka ndinayamba kupita kumisonkhano ya anthu osiya mowa. Poyamba inkandinyansa. Azungu akulira pagulu, kuulula za m'nyumba kwa alendo, ndinati izi si zathu. Koma kumeneko munthu akakufunsa kuti zikuyenda bwanji, iwe n'kuti bwino, amakuseka n'kufunsanso. Ndinapezako mdala wina wokonza mapaipi amene ndimamuimbira tsiku lililonse, kaya zili bwino kaya ayi. Pemphero sindinasiye, ndipo amene wandigwira ndi Mulungu. Koma musaiwale kuti pabalaza paja ndinatsinzina n'kunena ameni botolo lili m'thumba. Pempherani, mukatha kwerani basi mupite kumsonkhano.

Njira yodutsa pa sitolo ya mowa ija ndinaisiya, ndimazungulira. Manambala a anzanga omwa nawo ndinafufuta. Masewera pa TV ndinakhala nthawi osaonera, chifukwa ndikaona mnyamata yemwe ndinkagona naye chipinda chimodzi akuponya mu ligi yaikulu, kukhosi kunkauma. Mayi ndinawapempha kuti asiye kundiphimbira kwa anzawo. Zinawavuta, analira, koma pano akafunsidwa amati mwana wanga akudwala matenda a mowa, akuchira. Ntchito ndinapeza yokankha odwala pa mabedi m'chipatala cha mtauni. Munthu amene ana ankamupempha kuti awasainire pampira, lero akukankha agogo kupita nawo kukajambulidwa. Ndimadzuka m'mawa ndikudziwa kopita, ndipo zimenezo zimandithandiza.

Kwa a Mbewe ndinapita kukapepesa. Kwathu ukalakwira wamkulu umanyamula nkhuku. Ine ndinanyamula ya m'firiji ya m'sitolo, yopanda mutu, yolimba ngati njerwa. Anaiyang'ana, anaseka mpaka misozi. Atatha kuseka anandikhazika pansi. Anati, "Mwana wanga, nkhukuyi tidyera limodzi, chifukwa wolakwa suli wekha. Fungo ndinalimva utangolowa m'galimoto ku Kokomo. Ndinati tikonze banja kaye, za mowa tidzaona pambuyo. Ndakhala ndikubweza ana a eni kunyumba zaka zambiri, ndipo sindinafunsepo kuti ndikuwabwezera ku chiyani." Lero sanabwere, ali pa shifiti, koma anandiuza kuti ndinene zonse, ndi dzina lawo lomwe. Ndiye akuluakulu muli panonu, amene mumaimira ana a eni, mwamva.

Ndikudziwa chomwe mukudikira. Mukudikira ndinene kuti Tadala uyo wakhala kumbuyoko, imirira anthu akuone, tiombe m'manja, tiyambe nyimbo. Musatembenuke, kulibe.

Papita chaka ndi miyezi ndisanalawe. Laisensi anandibwezera. Mwana ndimapita kukamuona. Poyamba mayi Nkhoma ankakhala pompo, pano amandilola kupita naye kupaki. Ndimamulankhula Chichewa, iye amandiyankha Chingerezi, ndipo wasiya kudzidzimuka ndikatukula dzanja mwadzidzidzi. Mwezi wathawu ndikubweza mwanayo, ndinapempha Tadala kuti tilankhule. Tinaima panja pafupi ndi galimoto, kukuzizira. Ndinamufunsa ngati pali chiyembekezo.

Anati, "Yami, tsiku lija unandipulumutsa, ndipo sindidzaiwala. Ndakukhululukira, Mulungu ndi mboni. Ndiwe bambo wabwino tsopano. Koma ndikamva kapu ikugunda pa sinki, thupi langa limathawa lokha ine ndisanaganize. Ndayesa kulinyengerera, likukana. Sindibwerera."

Ndinafuna kumuuza kuti si chilungamo, kuti ine ndachita zonse. Ndinafuna kuthamangiranso kwa akuluakulu, chifukwa ndikudziwa kuti atamupanikiza bwino akhoza kugonja. Koma ndinamuuza kuti ndamvetsa, ndinalowa m'galimoto n'kuimbira mdala wa mapaipi uja ndisanalize n'komwe injini.

Zikundiwawa, abale. Ndimamukonda mkazi uja kuposa mmene ndinkamukondera tsiku la ukwati, ndipo ndamutaya ndi dzanja langa lomwe. Wina akakuuzani kuti mukasiya mowa zonse zimabwerera, akukunamizani. Madzi akatayika saoleka. Zina zimabwerera, zina ayi, koma siyanibe ndithu, ndipo siyani msanga, aliyense asanayambe kukuopani m'nyumba mwanu.

Loweruka likubwerali ankhoswe akukumananso pabalaza pomwe paja, kuti banja lathu alithetse mwamwambo, mwamtendere, tisanapite kukhoti. Ndavomera. Popita ndipita ndi a Mbewe, koma iwo akatsalira komweko kwa mwana wawo. Njira yobwerera ndi yaitali, ndipo malo onse ogulitsa mowa m'mbali mwa msewu umenewo ndimawadziwa. Ndiye sindinabwere kudzangopereka umboni, ndabwera kudzapempha. Sindikufuna wondilangiza kapena wondilalikira. Ndikufuna munthu woti adzangokhala pampando wa pambali. Popita ndidzakhala mwamuna wa Tadala, pobwerera sindidzakhalanso, ndipo ndikuopa kudzakhala ndekha m'galimoto imeneyo.

Ndani alibe shifiti Loweruka?